Kabwato ka m'chikwama pa madzi othamanga

Zikomo amfumu, zikomo makolo, ndipo inu achinyamata muli kumbuyoko tasenderani kuno, chinthu ndabwera nachochi ndi chofunika kuchigwira ndi manja.

Ichi chooneka ngati mkeka wokulungachi ndi bwato. Eee, bwato ndithu, dzina lake packraft. Kulemera kwake ndi makilo atatu basi, ena sakwananso pamenepo, umangoponya m'chikwama nkumayenda wapansi, ukafika pamtsinje umakola mphepo ndi kathumba aka nkumafinyira mkati, pomaliza kuuzira ndi pakamwa mpaka litalimba gwa. Anakatchukitsa ndi anthu a ku Alaska oyenda maulendo a m'tchire. Nkhafi yake ndi iyi, ya mbali ziwiri, imagululidwa nkulowanso m'chikwama momwemo.

Chimene ambiri amaiwala ndi ichi, mukaliika m'madzi ozizira ngati a mu June mpweya uja umanyala, bwato limafewa. Dikirani pang'ono mulitulutse, muuzirenso. Bwato lofewa limapindika pakati likagunda funde ndipo silimvera nkhafi.

Madzi othamanga anawagawa m'magiredi, kuyambira 1 mpaka 6. Ife tikukamba za 2 ndi 3, pamene pali mafunde ndi miyala koma njira ikuoneka. Ndiye mukamva mkokomo kutsogolo koma simukuona chili kumunsi, kochezani kaye, tsikani, yendani m'mbali mukaone ndi maso. Palibe manyazi kunyamula bwato pamutu nkulambalala, si paja ndi lopepuka. Mukayang'ana bwino muona madzi osalala ngati lilime akulowa pakati pa miyala iwiri, nthawi zambiri njira ndi imeneyo. Kuseri kwa mwala waukulu madzi amabwerera m'mbuyo, amakhala ngati adekha, pamenepo ndi popumira ndi podikirira anzanu. Mukalowa m'thovu musasiye kupalasa, anthu amagwidwa mantha nkukweza nkhafi m'mwamba, ndiye kugadabuzika kwake nkomweko. Ndipo bwato likatsamira mwala cham'mbali, inu pendekerani kumwalako. Thupi limafuna kuthawa mwala, ndikudziwa, koma mukapendekera kumene madzi akuchokera, madziwo amakwera m'mphepete mwa bwato nkukutembenuzani.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, olo zina zonsezi muiwale. Mukagwera m'madzi othamanga musaimirire. Ine zinandichitikira, madzi ake ofika m'chiuno chabe, ndinaponda pansi kuti ndiime, phazi linalowa pakati pa miyala ndipo ndinamva madzi akundikankha kumsana ngati munthu, nkhope ikupita pansi. Mwayi nsapato inavuka nkutsalira komweko. Mtima unagunda tsiku lonse. Anthu odziwa kusambira amafa choncho, pamadzi oti pa dziwe akanangoyenda. Ndiye gonani chagada, miyendo kutsogolo kuloza kumene madzi akupita, zala zakuphazi zizioneka pamwamba, mwala ukabwera mukankhe ndi mapazi. Mukaona pamene padekha tembenukani chafufumimba musambire mwamphamvu. Kuima muime madzi akakhala osafika m'mawondo.

Nchifukwa chake jekete yoyandamitsa iyi ndi helemeti sizokambirana. Mayi mwafunsa kuti nanga chubu cha galimoto chija ana amasewera nacho? Ayi mayi, chubu chimakuthawa ukangogwa, jekete imakhala pathupi bola wamanga zolimba. Ndipo osamangirira chingwe m'chiuno kapena kumwendo kuti bwato lisathawe, chingwe chikakola pa chitsa chimakusunga pansi pa madzi. Bwato lipite, tikalipeza kumunsi.

Mtengo wogwera mumtsinje uopeni kuposa mwala. Madzi amadutsa m'nthambi, munthu sadutsa, amakanikizidwa pomwepo. Chimodzimodzi zipupa zotchinga madzi, olo zazifupi, pansi pake madzi amazungulira nkumakubwezera pomwepo, choncho kufupi ndi potayira madzi pa madamu a Kamuzu ku Malingunde kuja musayerekeze. Kuno kwathu tilinso ndi zathu zimene a ku Alaska alibe. Bua ali ndi ng'ona, Shire ali ndi ng'ona ndi mvuu zomwe, ndiye bwato la mpweya ngati ili pamenepo si kanthu. Funsani asodzi ndi amayi ochapa pa dooko, safunsa anadya phula. Lilongwe weniweniyu mkati mwa tauni, cha kumsika kumilatho yamitengo kuja, muli zinyalala, mawaya, mabotolo osweka, ine sindingaikemo mwana wanga.

Nyengo ya mvula, December mpaka March, madzi akafiira nkumabwera ndi zitsotso siyani, mtsinje umene munaudziwa mu August si womwewo. Amene munali kuno mu 2017 mukukumbuka mmene Lingadzi anasefukira ku Mtandire, anthu mpaka kupulumutsidwa ndi helikopita. Mvula itha kugwa ku Dzalanyama kuno kuli dzuwa phwee, madzi nkukupezani.

Musapite nokha, mukhale atatu, wina akhale kumunsi kwa mathithi ndi kathumba ka chingwe aka. Amakuwa kaye kuti "chingwe!" kenako nkuponya modutsitsa munthuyo, wogwayo agwire chingwe osati kathumba, achiike paphewa atagona chagada, madzi okha amukokera m'mphepete mwa mtsinje. Tiyeni tiyesere pabwalo pompano. Achimwene a malaya ofiira, taimani apo pa mtengo wa mango, inu ndi amene mwagwera m'madzi. Chemwali, gwirani nsonga iyi ndi dzanja lamanzere, musaikulunge padzanja, ponyani.