Mwana akayamba karate: zoti makolo adziwe

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ambiri mwa inu muli ndi nkhawa imodzi: kodi mwana akaphunzira karate sayamba kuvutitsa anzake kusukulu? Zimenezi zimadalira mphunzitsi, ndiponso zomwe mwanayo aphunzitsidwe miyezi itatu yoyambirira.

Karate inachokera pachilumba cha Okinawa ku Japan, ndipo mphunzitsi wina wotchuka, Gichin Funakoshi, anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Limodzi mwa malamulo amene anasiya limati wa karate sayamba ndiye kumenya. Si mawu chabe ayi. Kata ndi mndandanda wa mayendedwe otchinga ndi omenya amene munthu amaloweza pamtima. Kata ya Heian Shodan, ya mayendedwe 21, imene ana amaphunzira koyambirira, imayamba ndi kutchinga, nkhonya imabwera pambuyo. Mwana akaibwereza kambirimbiri, thupi lake limazolowera dongosolo lomwelo.

Zaka 6 kapena 7 ndi msinkhu wabwino woyambira. Mphindi 45, kawiri pa sabata, n'zokwanira: 10 zothamanga ndi kuwongola thupi, 20 za kaimidwe, kutchinga ndi nkhonya, 10 za kata, zotsalazo kukhala pansi phee, maso otseka, kupuma pang'onopang'ono. Amasewera osavala nsapato, choncho bwalo lisesedwe kaye, pasakhale minga kapena magalasi, zikhadabo ziwengedwe. M'dzuwa la Okutobala aziyamba madzulo, aliyense ndi botolo lake la madzi.

Tsopano nkhonya, chifukwa apa ndi pomwe ana amavulala. Zala zinayi zipindidwe mwamphamvu, chala chachikulu chikhale kunja, chopingasa pamwamba pa zala ziwiri zoyamba. Akachibisa m'kati, tsiku lomwe adzagunde chinthu cholimba chidzabinya kapena kuthyoka. Zogunda ndi mfundo ziwiri zoyambazo, dzanja litawongoka bwino ndi mkono. Ndipo akamaponya nkhonya m'malere asatambasule chigongono mpaka kumapeto, chizitsala chopindika pang'ono, apo ayi chiyamba kuwawa. Pa kaimidwe kotchedwa zenkutsu-dachi, bondo lakutsogolo lipindike n'kukhala pamwamba pa phazi, lisagwere m'kati. Magawo 6 mwa 10 a kulemera kwa thupi akhale pa mwendo umenewo.

Nanga khalidwe limalowa pati? Sililowa ndi ulaliki. Mwana amawerama polowa, potuluka, komanso kwa mnzake asanayambe kuyeserera naye. Mphunzitsi akafuula kuti "yame", aliyense amaima nthawi yomweyo, ngakhale mkono uli kale m'mwamba. Poyeserera awiriawiri, nkhonya imaimitsidwa isanakhudze nkhope ya mnzake. Chimenechi n'chovuta kuposa kumenya, ndipo mwana wodziwa kuimitsa dzanja lake sapupuluma akaputidwa pachitsime kapena pabwalo la mpira. Amene wayamba kale amathandiza watsopano kumanga lamba. Onse amayamba ndi lamba woyera, mayeso osinthira lamba amabwera pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo akalephera musathamangire kukadandaula. Msiyeni abwereze.

Mphunzitsiyo mumuonetsetse. Ngati akuuza ana kumenya khoma kapena kuchita mapushapu ndi nkhonya pa simenti kuti "alimbe", chotsanipo mwana wanu, mafupa ake akukulabe. Chimodzimodzi amene amalanga ndi makofi, kapena kumenyanitsa ana sabata yoyamba asanaphunzire kutchinga ndi komwe. Kholo lililonse likhale ndi ufulu wokhala pambali n'kumaonerera, ndipo pasakhale zoti mphunzitsi atsale yekha ndi mwana mmodzi, kaya wamkazi kaya wamwamuna.

Mukamva kuti mwana wamenya mnzake kusukulu, musabise, kauzeni mphunzitsi. Wanzeru amamukhazika pambali tsiku limenelo kuti aonerere anzake akusewera, kenaka akapepese kwa amene anamulakwira.

Za yunifolomu musavutike nazo msanga. Kabudula kapena thalauza yomasuka ndi malaya opepuka n'zokwanira miyezi iwiri yoyamba, mudzagule mukaona kuti mwanayo akupitiriza. Amene muli ndi mafunso, imikani manja.