Kubwezeretsa dambo: kodi ndi kuitana udzudzu?

Takulandirani nonse! Musanaiwale, dinani subscribe, chifukwa lero tikuthana ndi bodza lomwe landikwana, loti kubwezeretsa dambo kumabweretsa udzudzu.

Zoyambirira mwachangu: dambo limasefa matope, limasunga madzi a chilimwe, limachepetsa liwiro la madzi osefukira. N'chifukwa chake mayiko anasaina pangano loteteza madambo ku Ramsar, m'dziko la Iran, pa 2 February 1971. Basi, tiyeni ku ntchito yobwezeretsa dambo.

Choyamba, pezani pothawira madzi. Kawirikawiri ndi ngalande zomwe anthu anakumba kuti malo aume. Yendani mvula itangokata, madziwo akulondolerani okha.

Chachiwiri, tsekani ngalandezo kuyambira kumtunda. Thirani dothi la makande pang'onopang'ono, uku mukulitsendera. Chotchinga chilowe m'khoma la ngalande mbali zonse ziwiri, apo ayi madzi amangochilambalala. Chitalike kuposa nthaka, poti dothi limatitimira. Madzi a kumtunda ndi a kumunsi kwa chotchinga asasiyane kuposa masentimita 30. Mukamanga chimodzi chachikulu kumunsi, mvula yoyamba yamphamvu ichikokolola.

Tsopano bodza lija. Pamsonkhano wa anthu ozungulira dambo sipalephera wina woimirira: "Mukutibweretsera udzudzu!" Abale, tamverani. Udzudzu umakonda timadzi tosaya, tofunda ndi dzuwa, topanda adani: mopondamo ng'ombe, modutsa matayala, m'maenje okumbamo dothi, m'zitini zotayidwa. Kukatentha, kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka ndi sabata imodzi kapena ziwiri zokha. Chithaphwi chotere chimauma adani a udzudzu asanakhazikikemo. Koma tungani madzi m'dambo lamoyo ndi mtsuko woonekera mkati. Muona mphutsi za tombolombo, zomwe zimaponya chibwano kutsogolo n'kugwira mphutsi ya udzudzu m'kuphethira kwa diso. Muona tizikumbu ta m'madzi ndi tinsomba, tonse tanjala. Ndiye wobala udzudzu wambiri ndani? Ndi dambo lowonongeka, lija laphwa mwatheka n'kusanduka zithaphwi zokhazokha.

Sindikunena kuti m'dambo mulibe udzudzu, musandilembere zimenezo m'makomenti! Chaka choyamba umatha kuchuluka, adani ake asanafike. Mankhwala ake ndi kulumikiza maiwe ang'onoang'ono ndi malo akuya osaphwa, kuti nsomba zizifika paliponse.

Chachitatu, yezani madzi. Zikani paipi yobooledwa m'mbali, mita imodzi pansi, muziwerenga pomwe madzi afika m'paipimo sabata iliyonse.

Chachinayi, musathamangire kudzala. Mbewu za bango ndi gumbwa nthawi zambiri zimakhala zili kale m'matope, zikungodikira madzi. Bulugamu musadzale ayi ndithu, amamwa madzi omwe mukuvutikirawo. Namasupuni muzimuzula akangooneka. Amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri. Za iyeyu tili ndi vidiyo yakeyake, linki ili pansipa.

Chachisanu, gwiranani ndi odyetsa ziweto, asodzi ndi odula bango. Ziweto zikhale ndi pomwera pake, kutali ndi zotchinga, ndipo bango lidulidwe mbalame zikamaliza kuswa, chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa.

Vidiyo yotsatira, tiwerenga mbalame m'mamawa. Dinani kabelu kaja!