Mawu a M'mawa: Mulungu amamudziwa makaniko ndi dzina

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Eksodo 31:1-6.

Paja Mose ali kuphiri kuja Mulungu anamupatsa pulani yonse ya chihema, miyeso yake, nsalu zake, golide akhale pati, zonse. Koma womanga ndani? Ndiye Mulungu akumuuza kuti waitana Bezaleli mwana wa Uri pomutchula dzina, wamudzaza ndi Mzimu wake kuti adziwe kusula golide, siliva ndi mkuwa, kusema miyala ndi matabwa, ndipo wamupatsa Oholiabu woti azithandizana naye. Mzimu wa Mulungu pa munthu wogwira hamala ndi tchizulo abale, ndimeyi imandigwira mtima nthawi zonse.

Yandikumbutsa amisiri a ku Antarctica, kumunsi kwenikweni kwa dziko uko kopanda mtengo olo umodzi, ayisi yekhayekha. Pa South Pole pali siteshoni ya Amereka, Amundsen-Scott, ndege yomaliza ikanyamuka mu February ina imadzatera cha kumapeto kwa October, dzuwa likalowa mu March lidzatulukanso mu September, panja kuzizira mpaka kudutsa madigiri -60. Timamva za asayansi, koma ambiri otsala kumeneko nyengo ya mdimayi ndi amakaniko, amagetsi, mapulambala, makalipentala, makhukhi. Magetsi onse ndi a jenereta ya dizilo ndipo kutentha kwa injini zomwezo ndi kumene kumafunditsa nyumba, ndiye ikangozima osadzuka msanga mapaipi amaundana, moyo wa aliyense uli m'manja mwa munthu wa ovolosi yamafuta uja. Sipeya ikasowa kulibe koti nkuthamangira kukagula, apange yekha basi. Panja akagwira sipanala opanda magulovu khungu limamatirira ku chitsulo. Madzi akumwa ndi osungunula ayisi, kusamba ndi mphindi 2 kawiri pa sabata.

Taganizani izi. Mu 1985 dziko linadziwa kuti mlengalenga mwabooka, ozone ija imatitchinga ku ukali wa dzuwa yapyapyala pamwamba pa Antarctica. Pa lipoti lomwe linaulula zimenezi panali mayina atatu a asayansi a ku Britain, Farman, Gardiner ndi Shanklin, ndipo ulemu wawo ndi woyenera ndithu. Koma manambalawo ankayezedwa pa siteshoni ya Britain yotchedwa Halley, ku Antarctica komweko, chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1950. Zaka zonsezo wina ankadzuka usiku kukamvetsera kulira kwa injini, wina ankakumba chipale chofewa chomwe chatseka chitseko, wina ankakanda buledi kuti anzake adye zotentha. Mayina awo sitiwadziwa ife. Koma Iye amene anati "Bezaleli" uja sanaphonyepo ngakhale limodzi.

(Abale a ku Cape Town mwina munaionapo sitima yofiira ija, S.A. Agulhas II, ndi imene imatenga anthu opita ku SANAE IV, siteshoni ya South Africa, ndipo mwa okwerawo mumakhala amakaniko a dizilo.)

Ndikudziwa alipo wina mu gulupu muno wadzuka mtima uli pansi poti ntchito yake ikayenda bwino palibe amaona, amangomukumbukira tsiku lomwe chinthu chawonongeka. Zimawawa, sindikana. Koma luso lili m'zala zanuzo silinangobwera, alipo anakupatsani, ndipo anakuitanani ndi dzina.

Tipemphere. Atate, kumbukirani ana anu amene ali kutali ndi mabanja awo pakati pa ayisi, asungeni ku ngozi, injini zawo zisazime, mitima yawo isafooke ndi kusungulumwa. Dalitsani dzanja lililonse lomwe lanyamula chida m'mawa uno. M'dzina la Yesu, Amen.