Kaye asatsitse injini ya Sienta ija

Mphwanga, wadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Joni tilipo. Uthenga wako wadzulo ndaumva, koma ndinali pansi pa galimoto, manja ali bii, ndiye sindinathe kuyankha. Tamvera mpaka kumapeto, usadule pakati.

Nkhani ya makaniko akuti atsitse injini achite ovaholo ija, kuiphwasula yonse n'kuimanganso, poti galimoto ikudya oyilo n'kumatulutsa utsi, iyime kaye. Sindikuti ndi abodza ayi. Mwina maringi a m'mapisitoni anathadi, Sienta yoyenda Blantyre–Zomba tsiku ndi tsiku itadzaza anthu ndi katundu siingakhale ya lero. Koma pali kachinthu kakang'ono kamene kamadyetsa oyilo ngati maringi omwe, ndipo amakaniko ambiri sakayang'ana n'komwe poti palibe ndalama pamenepo. Dzina lake ndi PCV valve. Ukapita kusitolo utchule choncho, P, C, V, ndipo unene kuti injini yake ndi 1NZ, ya malita 1.5, yomwe ili mu Probox ndi ma Axio ena.

Ntchito yake ndi iyi. Petulo akamapsa pamwamba pa pisitoni, mpweya wina umazemba m'mbali mwa maringi n'kutsikira pansi kumene kumakhala oyilo. Injini iliyonse imatero, ngakhale yatsopano. Mpweyawo ukuyenera kutuluka, ndiye kavalavu kameneka kamautsegulira njira pang'onopang'ono, kudzera m'kapaipi, kubwerera ku manifolodi, kumene mpweya umalowera mu injini, kuti ukapsenso. Tsopano kakadzaza mwaye ndi oyilo wouma, kamamatirira. Kakamatirira kali kotsegula, injini imayamwa nthunzi ya oyilo n'kumaiwotcha pamodzi ndi petulo. Utsi wa buluu uja ndi umenewo, ndipo galimoto ikaima injini ili kulira imanjenjemera. Kakamatirira kali kotseka, mpweya umasowa potulukira, umakankha oyilo m'magasiketi ndi m'masilo. Ndiye paja unati pakhomo pamene imagona pakumakhala madontho m'mawa? N'chifukwa chake ndikukakayikira kameneka.

Uchite chonchi, injini ikhale yozizira. Tsegula boneti, chotsa chipulasitiki chapamwamba chija. Pa tapeti kava, chivundikiro chachitsulo chapamwamba pa injini, pali mapaipi awiri. Ina imapita ku chipaipi chachikulu chochokera ku fyuluta ya mpweya, imeneyo isiye. Inayo, yopita ku manifolodi, ndiye yako. Pamene yalowera pa kava, ndi pomwe pali kavalavuko. Vula paipiyo, ukamasule ndi sipanala ngati bawuti. Ukachotsa, ukagwedeze pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira kuti tcheketcheke, ngati machesi awiri atsala m'bokosi. Kakangoti zii, kamatirira. Uyang'anenso m'kati mwa paipi. Kunyowa pang'ono si vuto, koma ukapeza oyilo akuchita kudontha, wayamba kumugwira wakubayo.

Ena amakatsuka ndi carb cleaner, mankhwala opopera otsukira kabureta, mpaka kayambenso kulira. Zimathandiza ukakhala kuti wasowa pogwira, koma m'kati muli kasipuling'i, ndipo kakafooka, kutsuka sikungakabwezere mphamvu. Ine ndikuti tigule katsopano basi. Usathamangire ka m'mainjini ophwasula ku Ndirande, kangakhale kofa chimodzimodzi, ndipo maso sangakuuze. Ndikagula kuno Loweruka, koyambirira ka Toyota, ndipatsira munthu wokwera basi ku Park Station. Paipiyo ikakhala kuti yauma kapena yang'ambika kukamwa undiuze msanga, nditumize zonse pamodzi. Pomanga uyambe ndi zala, sipanala ibwere pomaliza, ndiponso pang'ono. Kava ija ndi ya aluminiyamu, ukakakamiza udya mazinga, tiyambenso kufuna kava ina.

Tsopano apa ndipamene anthu amalakwitsa. Amasintha lero, mawa akuona utsi, basi akuti sizinathandize. Oyilo amene analowa kale m'manifolodi ndi mu ekizozi amatenga masiku kuti athe kupsa. Usaweruze ndi utsi, uweruze ndi dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo. Uyimike galimoto pamalo osapendekeka, m'mawa usanalize, uthire oyilo mpaka pachizindikiro chapamwamba, ulembe makilomita ali pa dashibodi, unditumizire chithunzi. Ikayenda makilomita 1,000 uyezenso pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Pakatipa aliyense asawonjezere oyilo osalemba, makamaka mnyamata amene amaiyendetsa Lamlungu uja. Koma ukaona akuyandikira chizindikiro chapansi, thira, usadikire ine.

Ngati akuthabe ngati kale, utsi womwewo ukuuza kumene kuli vuto. Ukamatuluka wambiri poliza m'mawa kenako n'kusiya, kapena ukaponda moto utangotsika mtunda wautali, kawirikawiri amakhala ma valve stem seal, timasilo ta pa mavalavu a m'hedi. Ukamachuluka pokwera mtunda utaponda kwambiri, pamenepo tiganizire maringi. Woyera wosatha, madzi akuchepa mu radiyeta, imeneyo ndi nkhani ya gasiketi ya hedi, si ya oyilo. Ndipo ngakhale zitafika pamenepo, makaniko ayambe ayeza kompulesheni, mphamvu yopanikizira mpweya, pa masilinda onse anayi, akuwerengere manambala iwe uli pompo. Akakana kuyeza, galimotoyo ichoke pa galaja yawo.

China, ndamva zoti akukuuza kuti uzithira oyilo wolimba kwambiri kuti utsi uchepe. Ameneyo amangobisa matenda. Komanso chimene chimapha kavalavuka ndi oyilo wokhalitsa, uyu womangowonjezera osakhetsa. Tsiku losintha valavu ukhetse yense, usinthe ndi fyuluta. Imalowa malita osakwana 4, usadzaze kupitirira chizindikiro, wochuluka nayenso amasuta.

Ndalama ya ovaholo imene amayi amati abwereke ku banki m'khonde, uwauze asatenge kaye, ndiwaimbira ndekha madzulo. Iweyo lero lomwe ukachotse kavalavuko, ukagwedeze pafupi ndi foni, unditumizire mawu ake ndimve. Upereke moni kwa alamu ndi ana.