Mawu a m'mawa: banja lomwe tinasiya kumudzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, inu muli kale pa mzere wa tekisi ku Bree ndi ku Noord, komanso inu mwangoweruka kumene ya usiku. Mawu athu lero ali pa Luka 9:23, pomwe Yesu akuti wofuna kumutsata adzikane yekha, anyamule mtanda wake tsiku ndi tsiku. Ndikufuna mawu amenewa tiwaike pa nkhani ya banja, poti kuno ku Joni apa mpomwe ambiri tikugwera koma mu tchalitchi timangoyang'anana osanenapo kanthu.

Mmene zimayambira tonse tikudziwa. Munthu watsika pa Park Station, mkazi ndi ana wawasiya ku Mzimba kaya ku Mangochi, akuti ndikangopeza ya malata ndibwerako. Chaka chatha, china chathanso, mapepala sanalongosoke nde kupita kumudzi akuopa kuti sadzalowanso. Lendi ya kachipinda ku Yeoville kapena ku Rosettenville yakwera, June wafika ndi kuzizira kwake kuja kolowa mpaka m'mafupa, ukaweruka palibe olo mmodzi wokufunsa kuti mwaswera bwanji. Kenako papezeka mlongo wina nayenso ali yekha, mwamuna wake anatsala ku Lilongwe, basi mwagwirizana kuti tizingothandizana lendi. Miyezi ingapo anthu ayamba kumutchula kuti alamu, ndipo foni ya kumudzi ikaitana ukukayankhira panja pa geti, mawu apansipansi.

Kusungulumwa kwa kuno sindikukupeputsa ayi, nkowawa zedi. Koma tamvani zomwe Ambuye ananena. Pa Mateyu 19 Afarisi anamufunsa ngati munthu angasiye mkazi wake pa chifukwa chilichonse, Iye anawabweza kuchiyambi, kuti awiriwo ndi thupi limodzi ndipo chomwe Mulungu wamanga munthu asalekanitse. Atamukumbutsa za kalata yachilekaniro ya Mose, Iye anawauza mosabisa kuti Mose analola chifukwa cha kuuma mitima kwawo. Mawuwo anali olemera mpaka ophunzira ake omwe anati ngati zili choncho bola osakwatira. Nde ngati akukulemerani m'mawa uno musadabwe, anawalemeranso iwo amene ankadya naye mbale imodzi.

Abambo, kuwoloka Beitbridge sikumasula lumbiro. Ankhoswe ali kutali inde, abusa amene anadalitsa ukwati wanu mwina anasamuka kalekale, koma Malaki 2:14 akuti Yehova ndiye anali mboni pakati pa iwe ndi mkazi wa ubwana wako, ndipo Mboni imeneyo ku Hillbrow iliko, ku Diepsloot iliko. Amayi nanunso musati izi nza abambo okha, Marko 10:11-12 akunena mbali zonse ziwiri, mwamuna wosiya mkazi nkukwatira wina wachita chigololo, mkazi wosiya mwamuna nkukwatiwa ndi wina chimodzimodzi.

Ndikudziwa ena mwathamangira kale pa Mateyu 19:9 paja pakunena za dama. Vesi imeneyo ilipodi, mipingo imaifotokoza mosiyana, ndipo ngati mnzanu ndiye anaphwanya pangano pitani mukakhale pansi ndi abusa anu. Amene mnzake anamwalira ndi womasuka, 1 Akorinto 7:39 akutero. Koma tinene zoona, ambirife nkhani yathu sili pamenepo. Mayi uja palibe chomwe analakwa, akulima munda wanu, akusamala amayi anu okalamba, ana akadwala usiku ndi iye akuthamanga nawo ku chipatala. Mlandu wake ndi woti ali kutali basi.

Ndipo chonde pasapezeke wina wotenga uthengawu nkukaopsezera mayi amene akumenyedwa kuti banja nkupirira. Ayi. Moyo wake ndi wa ana utetezedwe kaye, achoke pa ngoziyo. Paulo pa 1 Akorinto 7:11 akudziwa kuti kupatukana kumachitika, chomwe akunena nchoti wopatukanayo akhale osakwatiwa kapena ayanjanenso ndi mwamuna wake. Womenyayo ndiye akufunika kulapa.

Chimandiwawa nchoti ululu umenewu ife timaudziwa bwino. Agogo athu anabwera kuno nthawi ya Wenela kudzagwira ntchito m'migodi, ena anabwerera ndi njinga ndi mabulangete, ena anachona mpaka imfa. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi gogo amene anakalamba akudikira, ndi ana amene anakula akungomva kuti bambo ako ali ku Joni. Ife amene tinakula tikumva zimenezi tikawachitenso ana athu zomwezo, chonsecho ife tili ndi foni m'manja yoti titha kuwaona nkhope tsiku lililonse?

Kudzikana kwa kuno nkooneka ndi maso. Mwezi ukatha kuyamba watumiza ya kumudzi pa Mukuru usanagule nsapato. Kulolera kupanikizana anayi mu chipinda chimodzi ndi amuna anzako kusiyana nkukhala motakasuka ndi mkazi wa mwini. Kufufuta nambala ija imene mumacheza nayo pa WhatsApp pakati pa usiku, mukuidziwa. Kusunga ya basi ya December olo foni yanu galasi lake linasweka. 1 Akorinto 7:5 amalola okwatirana kutalikirana pogwirizana komanso kwa kanthawi, sananene zaka zosawerengeka, nde ngati njira ilipo yoti mnzanu abwere kapena inu mubwerere, muiganizire mofatsa olo ndalama ichepe.

Nanga amene mwalowa kale, mwina kuno kwabadwanso mwana? Mwanayo alibe mlandu, kumusamala ndi udindo wanu, 1 Timoteo 5:8 sasankha ana. Nkhani yotere simungaithetse nokha mu chipinda, komanso sitingaithere mu gulu muno. Yesu pa chitsime paja, Yohane 4, mayi wa amuna asanu uja sanamuthamangitse, koma anamuuza zoona zake. Yambani pomwepo, uzani abusa zonse osabisa, ankhoswe kumudzi adziwe, ndipo mkazi wanu amve kwa inu asanamve kwa anthu otsika basi.

Tipemphere. Atate, mukudziwa chipinda chilichonse chomwe tagona usiku wathawu. Limbitsani amayi ndi abambo amene akutidikira kumudzi, tetezani ana athu a uko ndi a kuno, ndipo amene akuyenera kuimba foni yovuta lero mupatseni mphamvu aimbe. M'dzina la Yesu, amen.