Ndiwo za Lachitatu uziphika Lamulungu

Halo mng'ono wanga, waswera bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Nanga tiana tangato? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti kuzizira kwake chaka chino ayi ndithu. Ndangofika kumene, nsapato ndavula, tiyi ali pambalipa, ndiye uthengawu utalika. Uziumvera ukutsuka mbale, koma alamu asatalikire chifukwa mbali ina ndi yawo.

Uthenga wako wa dzulo uja ndaumvera kawiri. Mawu ako okhawo amachita kuonetsa kuti munthuyu watheratu, kumbuyo kamng'onoko kakulira. Pamene unati wamkuluyo anagona pampando nsima isanapse, mpaka munachita kumudzutsa 9 koloko n'kumadya akusinza, mtima unandipweteka. Koma usadzione ngati ndiwe mayi wolephera ayi. Tawerengera wekha. Waweruka 5 koloko pa Ginnery Corner, wadikira minibasi ya ku Limbe, msewu wa Chipembere nthawi imeneyo magalimoto amangokwawa ngati nkhono. Pa Limbe udikirenso ya ku Bangwe idzadze. Ukamatsika kwada kale, makamaka miyezi ino ya June ndi July. Ndiye uyime pamsika kugula ndiwo, ufike kunyumba, ukoleze makala, kenako utereke nyemba zouma gwa 7 koloko usiku? Nyemba zosanyika zimafuna maola awiri kapena atatu pamoto. Ngakhale agogo athu, ndi luso lawo lonse lija, sakanatha.

Chimene ndaphunzira m'makhitchini a eni ake kuno n'chakuti nsima sichedwetsa munthu. Madzi akakhala otentha kale, mphindi 20 zokha waomola. Zimene zimadya nthawi ndi moto, ndiwo, ndi kuima pakati pa nyumba chikwama chili m'manja n'kumadzifunsa kuti kodi lero tidya chiyani. Funso limenelo ndi limene limatopetsa kuposa mthiko. Ndiye uziliyankhiratu Lamulungu, mutu uli bwinobwino.

Uzichita chonchi. Loweruka usiku usanagone, sankha nyemba zokwana kudya katatu, uzinyike m'madzi ambiri. Lamulungu mukabwera kutchalitchi, taya madzi onyikirawo, thira ena, tereka poto wamkulu uja ndinakusiyira. Zibwate kwambiri poyamba, kenako uchepetse moto. Usathiremo tomato zisanafewe, tomato amazilimbitsa khungu. Zikapsa, zizizire pang'ono, uzigawe m'tizigubu ta majarini titatu. Kamodzi m'firiji, tiwirito m'chipinda cha ayisi cha pamwambacho.

Nyemba zikubwata choncho, moto winawo usapite pachabe. Apa ndi pamene pali chinsinsi chonse: msuzi wa tomato. Loweruka ukapite mumsika wa Limbe chakumadzulo, nthawi imene amayi a ku Bvumbwe akufuna kulongedza azipita. Usafune tomato wokongola wolimba, funa wopsa kwambiri, wofewa koma wosawola, amene amamuika pambali. Ameneyo amatsika mtengo ndipo msuzi wake ndiye wabwino. Kazinga anyezi anayi kapena asanu mpaka afiire, thira tomato yense woduladula, mchere pang'ono, ufa wa kale (curry) ngati uli nawo, uzivundula mpaka madzi aphwe, mafuta ayambe kuyandama pamwamba. Ukaona mafuta ayandama, wapsa. Ugawenso m'tizigubu. Msuzi umenewu ndiwo ukupulumutse sabata yonse, chifukwa ndiwo zathu zambiri zimayambira pomwepo: anyezi, tomato, mafuta. Iwe wangochitiratu kamodzi zimene ukanachita kasanu.

Tsopano taona mmene madzulo ako azikhalira. Wafika Lolemba wotopa. Supuni zinayi za msuzi uja mu sefuliya, timadzi pang'ono, zikayamba kubwata swera mazira momwemo, vundikira. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi apsa, uwonetsetse kuti chikasu chake chalimba chifukwa cha ana. Pamene mazira akupsa iwe ukuthyakula nsima. Basi, anthu adya.

Tsiku lina soya pisi. Ambiri amangomuthira m'poto ndiye amanunkha kafungo kaja ana amakana. Iwe umunyike m'madzi otentha mphindi zisanu, umufinye bwinobwino, umukazinge m'mafuta pang'ono mpaka achite khofi m'mbali, kenako ndi pamene uthire msuzi wako. Alamu adzafunsa ngati walandira bonasi. Usipa wouma nawo chimodzimodzi. Mitu uchotseretu Lamulungu, ana akusewera iwe utakhala pamkeka, uusunge m'botolo louma. Pa tsiku lake ungoutsuka ndi madzi ofunda kuchotsa mchenga ndi kuwawa, ukazinge, msuzi pamwamba, mphindi 10.

Nyemba zija, tsiku lina uzidya ndi nsima, tsiku lina ndi mpunga. Ukatsitsa kachigubu ka ayisi m'mawa n'kukaika m'munsi mwa firiji, madzulo upeza kasungunuka, ungotenthetsa ndi msuzi mpaka zibwate.

Ndipo mng'ono wanga, pepa, nsima si lamulo la m'Baibulo. Ndikudziwa alamu anena kuti munthu akagona osadya nsima ndiye kuti wagona ndi njala, ndawamva kale ali chete komweko. Koma Lachinayi, pamene thupi lakana, phika futali. Mbatata ya kholowa, makamaka yofiira m'kati ija amalimbikitsa kusikelo chifukwa cha vitamini A, isende, uiduledule tizidutswa tating'ono kuti ipse msanga, madzi ochepa, kamchere. Ikafewa thira nsinjiro zodzadza dzanja, vundikira mphindi zisanu, takasa. Poto mmodzi, mbale zochepa zotsuka, ndipo ndiuze mwana amene anakanapo futali. Kuno ndikamusowa ndimaphika ndi mbatata za kuno, koma ndi zamadzimadzi, sizifika pa ya kwathu. Kapena supageti ndi nsomba za m'chitini zija za msuzi wa tomato. Kuno anthu amadya zimenezo mwezi ukafika pakati, palibe amachita nazo manyazi. Ungophwanya nsombazo ndi foloko, minga yake ndi yofewa.

Masamba ndiye usamawasiye, ngakhale utatopa bwanji. Nkhwani ndi wokoma koma kusadzula kwake kumafuna munthu wokhala pansi, umenewo uzisiyira Loweruka. M'kati mwa sabata gula mpiru, repu kapena tchayinizi, ndipo amayi ena pamsika amadulira pomwepo ukawapempha. Kungoti utsuke kaye bwino. Bonongwe ndi kholowa sizichedwa n'komwe. Timadzi tochepa, tomato mmodzi, nsinjiro pamwamba, usavundule msanga, zisiye nsinjirozo zipse ndi nthunzi. Ukatendera sufunanso mafuta, ndipo mafuta ophikira mmene akudulira masiku ano, nsinjiro ndi m'bale wako. Mtedza ukagula wambiri kamodzi, usankhe bwino, wonyala ndi wachuku utaye osaumvera chisoni, chuku chimenecho ndi poizoni ku chiwindi cha mwana. Usinje wokwana milungu iwiri, usunge m'botolo lotseka.

Dikira ndimwe tiyi, wayamba kuzizira.

Eya. Ndikudziwa chimene ukunena mumtima: achemwali, nanga magetsi akazima, zonse za m'firijizo si ziwonongeka? Kunonso magetsi anatizunzapo kwambiri, ndiye ndikuyankha zimene ndinaziona. Firiji ikakhala yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Chipinda cha ayisi chimapirira nthawi yaitali kuposa pamenepo, makamaka chikakhala chodzadza, ndiye m'mipata yotsala uziikamo mabotolo a madzi aume. Lamulo ndi lakuti magetsi akazima, chitseko cha firiji asachikhudze munthu, ndipo wamkuluyo umuuze. Chakudya chophika chisapitirire masiku atatu kapena anayi m'firiji, n'chifukwa chake ndati za Lachinayi ndi Lachisanu zizikhala ku ayisi. Chikakukayikitsa, taya. Ine ndinaphunzira ndi mimba yanga. Ndinasiya mpunga m'poto usiku wonse nthawi yotentha, m'mawa ndikuti ndingotenthetsa, fungo linalibe. Masiku awiri sindinapite kuntchito. Mpunga wotsala uziuziziritsa msanga n'kuulowetsa m'firiji, ukalephera kutero uphike wokwana kudya tsiku lomwelo.

Sabata imene magetsi avuta kwambiri, bwerera ku nzeru za amayi. Iwo firiji anaiona liti? Mfutso, usipa wouma, nsinjiro, mazira, soya, zonsezi sizidziwa kuti magetsi alipo kapena palibe. Uwauze amayi akufutsire nkhwani ndi khwanya wambiri nyengo yake ikafika, ndiwatumizira kangachepe.

Palinso china chimene ndinachiona kuno. Amagulitsa chithumba chonenepa ngati pilo wozungulira, amachitcha Wonderbag, anachiyambitsa mayi wina wa konkuno, Sarah Collins, mu 2008, nthawi imene magetsi ankazimazima. Umawiritsa chakudya pamoto, kenako poto wotentha uja umamuika m'chithumbamo n'kumanga, chakudya chimapitiriza kupsa chokha ndi kutentha komwe kuja. Ndinaseka nditachiona, chifukwa iwe sukufunika kugula. Tenga dengu lakuya, yalamo bulangete lakale, m'mawa ukamatenthetsa madzi osamba wiritsa nyemba zonyika zija zibwate kwambiri mphindi 20, phula poto osatsegula chivundikiro, muike m'dengumo, kulunga bulangete mbali zonse, pilo pamwamba. Madzulo upeza zafewa. Uzibwatitsenso pamoto musanadye, ndipo dengulo uliike pamene kamng'onoko sikangafike. Makala amene ukanawotcha maola awiri atsala m'thumba.

Tsopano alamu, ndi inu. Moni alamu, ndikudziwa mukumva. Inu mumagwira ntchito mu Limbe momwemo, mumafika kunyumba ola lathunthu mkazi wanu asanafike, ndipo ana mumawatenga ndinu kwa amayi a paneba aja, zimenezo ndimakuyamikirani. Ndikukupemphani zinthu ziwiri zokha. Mukafika, kolezani moto, terekani madzi a nsima. Chachiwiri, anawo muwapatse kena kake nthawi yomweyo: nthochi, chidutswa cha papaya, mbatata yootcha, peyala ikakhala nyengo yake. Osati makamba a m'mapaketi ndi zakumwa zotsekemera, zimenezo zimawatseka kukhosi nsima ikabwera. Mwana wolira 6 koloko nthawi zambiri si mwano, ndi njala, kamimba kake n'kakang'ono sikangadikire minibasi ya ku Bangwe. Ndipo musandiuze kuti simudziwa kuthyakula nsima. Muja munkakhala nokha ku Ndirande musanakwatire, ankakuphikirani ndani? Ndinadyapo nsima yanu ine, inalibe ndi mbulu umodzi womwe. Mutu umodzi susenza denga alamu, ndipo anzanu akakusekani muwauze kuti mlamu wanga wa ku Joni ndi wovuta.

Koma chonde nonse awiri, chiperoni chikabwera musalowetse mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera kuti mufundirepo. Mpweya wa makala ulibe fungo, umangogonetsa anthu osadzukanso, ndipo umayambira ana. Muziphikira pakhonde, moto ukatha ntchito muuzimitse panja.

Za kamng'onoko, popeza kangokwanitsa chaka. Ukamapanga msuzi uja upatule wake usanathire tsabola, ndipo mchere ukhale wochepa. Kambuzi alamu azithira m'mbale mwawo. Mtedza wathunthu usakapatse, kangatsamwe, koma nsinjiro m'phala ndiye bwino. Usipa uukazinge wouma, uusinje ukhale ufa, uusefe, supuni imodzi m'phala la mgaiwa kapena m'mbatata yophwanya. Kusikelo amatiuza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, ndipo ndikudziwa umadziimba mlandu ukaona m'mbale muli ziwiri zokha. Usamawerengere mbale imodzi, uziwerengera tsiku lonse. Phala lotendera m'mawa, nthochi masana, nsima ya mazira ndi mpiru wothira timafuta madzulo, tawerenga wekha, akwana onse.

Ana akangodya muziwasambitsa agone, inu akuluakulu mudye pambuyo mwakachetechete. Ndipo mbale zikagona zosatsuka tsiku limodzi palibe mfumu idzakuitanitseni kubwalo.

Ndakugulira poto wa puresha, ndimupatsira a transipoti amene akunyamuka kumapeto a mwezi uno, ndidzakuuza tsiku lokamulandira. Nyemba zonyika amazipsetsa pasanathe theka la ola. Koma usadzamugwiritse ntchito ndisanakuimbire pa vidiyo. Nyemba sizipitirira theka la poto, ndipo satsegulidwa mpweya usanathe, ungapse nkhope. Ndalama ya tomato ndi mtedza wa Loweruka lino ndatumiza kale, uone pafoni. Lamulungu madzulo undijambulire tizigubu tako tili pamzere ndione ngati wamva. Ndipo a transipotiwo akamabwerera uwapatsire usipa wanga ndi ufa woyera pang'ono, wa kuno nsima yake imangokhala ngati mchenga. Batire yatsala pang'ono. Upsompsone anawo, uwapatse moni amayi ukawaimbira. Mugone bwino.