Kutsika Thabwa pa njinga yamoto

Zikomo a Gulupu, zikomo a Nyakwawa, amayi ndi abambo nonse. Inu anyamata a kabaza mwakhala pa njinga zanu kumthunziko, sunthirani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri.

Ndi angati pano anakwerapo phiri la Thabwa, lija la pa msewu wa Chikwawa, pa njinga yamoto, kupita ku Blantyre ndi kubwerako? Kwezani manja. Eya, ambiri ndithu. Nanga ndi angati potsika anazimitsapo injini kuti asunge mafuta? Manja atsika, koma mukuseka. Ndamva yankho.

Ife a kuchigwa kuno tinaphunzirira njinga pamalo a see. Kuchoka pa Dyeratu kupita ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje, mdani wathu ndi maenje, mchenga ndi ng'ombe. Buleki timaiponda kamodzi, kenako imapuma. Phiri lija ndi lina. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe kuno ku mlatho wa Kamuzu tili cha m'ma 100. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 50, koma kutsika kwenikweni kwaunjikana pa kachigawo kochepa, kokhotakhota ngati njoka, phompho lili pambali.

Kukwera sikundidetsa nkhawa kwenikweni. Njinga ikalemedwa imakuuzani yokha, imalira, mumabweza giya. Chokhacho, injini zathuzi zimazizira ndi mphepo, ndiye mu October muno, dzuwa likuswa mtengo, mwanyamula munthu ndi thumba la mpunga, mukuyenda pang'onopang'ono, injini imatentha. Onani oyilo musananyamuke, ndipo mukamva yayamba kufooka imani pamalo otakasuka ipume.

Pobwerera ndiye pali nkhani. Buleki imagwira chifukwa mashuzi, tizipangizo ta buleki ta mkati mwa wilo, amakhuzana ndi dilamu, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, ndipo zinthu zikakhuzana zimatentha. Tikitani manja anu mwamphamvu muone. Mukaika njinga pa fili, ndiye kuti siili m'giya iliyonse, kaya injini ikulira kaya mwaizimitsa, kulemera konse, kwanu, kwa kasitomala ndi kwa katundu, kumatsamira pa timashuzi tiwiri tating'ono ngati zala zangazi. Kona yoyamba igwira. Yachiwiri igwira. Mukamafika pakati pa phiri dilamu yapsa, mashuzi aterera, mukuponda mpaka pansi koma njinga ikungothamangirabe. Sikuti buleki yaduka ayi. Ikazizira igwiranso bwinobwino, n'chifukwa chake anthu akaitola njinga m'phompho amadabwa, amati koma mabuleki ali bwinotu, pamenepa pali dzanja la munthu. Palibe anakulodzani, achimwene. Ndi moto basi.

Ine zinandichitikira. Ndinkachokera ku Limbe nditanyamula katundu wa muokala, mafuta atatsala pang'ono, ndinati ndisunge. Nditamva fungo ngati la mphira wopsa ndinaponda, phazi linangolowa. Chinandipulumutsa n'chakuti injini inali ikulira, ndinalowetsa giya yachitatu, kenako yachiwiri, njinga inakuwa ngati mbuzi yomangidwa koma inabwerera m'manja. Ndikanakhala nditazimitsa, bwenzi lero mukumva kwa wina. Mafuta amene ndinkasungawo sakanadzaza ngakhale botolo la Fanta.

Choncho giya imene munakwerera ndi yomwenso mutsikire. Ngati pamalo ena munakwera ndi yachiwiri, potsikanso ikani yachiwiri, kilatchi muisiye, injini ndiyo igwire njinga. Buleki muziigwira mwamphamvu pang'ono musanalowe pakona, kenako muisiye ipume. Osangoitsamira ulendo wonse. Ndipo gwiritsani zonse ziwiri. Ndikudziwa ambiri mumaopa ya kutsogolo, ena munachita kuimasula dala, mumati imagwetsa. Imagwetsa mukaikoka modzidzimuka muli pakati pa kona kapena pamchenga. Koma potsika kulemera kumathamangira kutsogolo, tayala la kumbuyo limapepuka, ndiye ya kutsogoloyo ndi imene ili ndi mphamvu zoimitsa njinga. Ifinyeni pang'onopang'ono ngati mukukama ng'ombe.

Amayi mukufunsa kuti inu okwera muchite chiyani? Funso labwino. Mukamva njinga yangoti zii pamtsetse, mphepo yokha ikumveka, muuzeni aime mutsike. Ndalama ndi yanu, moyo ndi wanu. Musakhale chammbali pa phiri, khalani motangadza, chitenje muchipinde chisalendewere ku tcheni kapena ku masipoko. Akamapendeka pakona pendekani naye, musalimbane naye. Ndipo zoti anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi, mwana wapanikizidwa pakati, pa Thabwa ayi. Chipewa chodzitetezera chikhale cha aliyense, chomangidwa pachibwano. Chopachika pa handulo chimateteza handulo.

Tsono magalimoto akuluakulu. Onyamula shuga kuchokera ku Nchalo ndi ena olemera amakwera ngati kamba, utsi uli tolotolo, mtima umakuuzani kuti ndingodutsa. Pamene simukuona kutsogolo musayerekeze. Amene akutsika sangaime msangamsanga, ndipo galimoto yaitali ikamakhota imadya mbali yanu. Khalani kumanzere kwanu, mutalikire, mudikire poongoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muziyang'ananso pansi: madontho akuda pakona ndi oyilo kapena dizilo, amaterera ngati therere. Nthawi ya mvula madzi amatsitsa mchenga ndi miyala kuchokera m'phiri n'kuzisiya pamsewu. Tonse tinaona zimene madzi anachita ndi misewu yathu nthawi ya namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023. Kona imene munaidziwa dzulo, mvula ikagwa usiku muiyese yachilendo. M'miyezi ya June ndi July kumtunda kumakhala chiperoni, mumanyamuka kuno mutavala malaya okha, kufika kumtunda nkhungu yatseka, zala zauma ndi kuzizira. Tengani jekete, yatsani nyali.

Pomaliza pake, kukongola kwa malo aja. Musaseke, ndikunenetsa. Munthu ukatulukira pamwamba madzulo, chigwa chonse chimangoti yalaa pansi pako, Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri patali, utsi wa m'midzi ukukwera. Azungu amachita kuima n'kumajambula. Ife timaona ngati zachabe chifukwa ndi kwathu, komabe maso amapita okha, umafuna kuloza kuti kwathu ndi apo. Njinga imapita kumene maso apita. Mukayang'ana kuphompho mulowera komweko. Ngati mwafuna kuona, patukani pamalo otakasuka, zimitsani, muone mpaka mukhute, kasitomala ajambule ndi foni yake. Pamenepo mabuleki nawonso akuzizira.

A Nyakwawa, mawu anga ndi omwewa. Anyamata, musathawe. Bweretsani njinga zanu apa imodziimodzi, masipanala ndabwera nawo. Tiyambe ndi Lifo yofiirayo, ndaona kale kuti waya wa buleki ya kutsogolo ukungolendewera.